Mmene Bambo Anamangira Fani ya Galimoto Yanga

Ndikulemba nkhaniyi chifukwa ikukambidwa molakwika. Ndaimva kawiri pamaliro, koyamba ku Nkwazi, kachiwiri ku Kitwe, ndipo ulendo wachiwiriwo inali itakula. Akuti bambo anga, amene anagwira ntchito ya magetsi kumgodi mpaka kupuma, anasokoneza waya wofiira ndi wakuda, galimoto yanga n'kutsala pang'ono kuyaka moto, chifukwa nzeru zayamba kuwachoka. Galimotoyo sinayake, ndipo pa fani ija panalibe waya wofiira. Nkhaniyi inatsala pang'ono kuwachotsa bambo m'nyumba yawo, choncho siyoyenera kusiyidwa m'kamwa mwa anthu amene sanaone chilichonse. Ine ndinalipo kuyambira pachiyambi, ndipo ntchito imene ndinaphunzira ku koleji, imene ndagwira zaka zambiri pa fakitale ina ku Heavy Industrial Area, ndi yosunga zolembedwa. Mbali ina ya cholakwacho ndi yanga. Imeneyonso ndiilemba.

Bambo anapitirira zaka makumi asanu ndi atatu. Anabwera kuno ali mwana, makolo awo atachoka ku Malawi kudzafuna ntchito. Kumgodi ku Kitwe ankasamalira mafani akuluakulu a pansi pa nthaka, amene amayendetsa mpweya kuti anthu apume. Atapuma ntchito anagula nyumba ku Masala, kuno ku Ndola, ndipo chimwalirire mayi akhala m'menemo okha. Kuseri kwa nyumbayo kuli kachipinda ka malata kosungiramo zida. Sipanala iliyonse ili ndi msomali wake, ndipo pakhoma anajambulapo chithunzi chake ndi choko, kuti ikasowa khomalo liulule. Anthu a mumsewu wawo amawabweretsera masimbi, mawailesi ndi zitofu zakufa.

Ana tilipo awiri: achimwene, amene ndi aakulu ndipo amakhala ku Kitwe, ndi ine. Chaka chimene zimenezi zinachitika, bambo anaiwala poto pachitofu tsiku lina, madzi n'kuphwa, poto n'kupserera. Achimwene atamva anamanga chipinda kunyumba kwawo, nachipaka utoto, naikamo bedi. Sindikunena kuti anali ndi mtima woipa. Ankaopa, ndipo chowaopsa chinalipo. Koma ku Kitwe kulibe kachipinda ka malata, ndipo bambo anakana.

“Ku Kitwe ndinakhalako, pamwamba ndi pansi pomwe,” anatero. “Ndinakhuta.”

Achimwene anangoti, “Tiona,” nayamba kudikira umboni wina.

Galimoto yanga ndi yakale. Fani yake yoyamba inkayendera lamba wa injini, koma inatha mphamvu, ndipo nyengo yotentha itafika singano ya geji inayamba kukwera ndikangoima pa maroboti. Bambo anati tichotse fani imeneyo, timange yamagetsi, yokhala ndi swichi yomva kutentha kwa madzi, yoti iziyatsa fani madzi akatentha n'kuizimitsa akazizira. Tinakagula fani yogwirapo kale ntchito kwa ogulitsa masipeya pa msika wa Masala. Swichi, rile ndi fyuzi anaumirira kuti zikhale zatsopano.

Ntchito inayamba Loweruka, eyiti awazi m'mawa, pabwalo la bambo. Mnansi wawo, Mbemba woyendetsa minibasi, anali akutsuka minibasi yake, ndipo anasuzumira pampanda, nalonjera bambo m'Chibemba, kuwatchula agogo.

“Mwashibukeni, Bashikulu. Zonsezo ndi za fani imodzi? Ikani dayirekiti, mwatha. Mwayatsa injini, fani yayamba. Mwazimitsa, yaleka. Pa siteshoni tonse timatero. Maswichi ndi a kumayiko ozizira.”

“N'chifukwa chake minibasi yanu imatsokomola m'mawa ngati nkhalamba yosuta chingambwe,” anatero bambo. “Injini siifunda.”

“Imatsokomola, mukwai, koma imafika,” anayankha mnansiyo ndi ulemu wa Chibemba.

“Ngakhale ngolo imafika.”

Mnansiyo anaseka, napita kukanyamula anthu.

Bambo sagwira ntchito ngati amakaniko a m'misewu. Amagwira monga anaphunzirira kumgodi, kumene munthu sakhudza makina asanakhome loko wake pa swichi yaikulu, kuti wina asayatse mnzake manja ali mkati. Pa galimoto palibe pokhoma loko, choncho anachotsa waya pa batire, natenga makiyi anga, nawaika m'kachitini, nakhoma kachitiniko ndi loko wawo wakale wa kumgodi. Pa chiwongolero anapachika katoni yolembedwa kuti, “Osayatsa. Munthu ali pa ntchito.” Pabwalopo tinalipo awiri okha, koma sindinaseke. Ndinakula ndikuona zimenezi.

Kenako anakhala pansi najambula ntchito yonse papepala. Ine amanditchula Akalaliki, kuyambira tsiku limene ndinabwera ndi satifiketi.

“Akalaliki, khalani apa. Wogwira ntchito sadziyang'anira yekha. Inu ndinu woyang'anira, ndipo mudzasayina.”

Anandifotokozera mzere uliwonse. Magetsi achoka ku batire, adutsa pa fyuzi, imene iyenera kukhala pafupi ndi batire, osapitirira chikhatho chimodzi, kuti waya akadzakhuzika panjira fyuzi ipse, osati galimoto. Kuchoka pa fyuzi apita ku rile, kabokosi kakuda ka miyendo inayi. Kuchoka ku rile apita ku fani. Swichi ili ndi mawaya ake ang'onoang'ono opita ku miyendo iwiri yotsala ya rile. Ndinafunsa chifukwa chake swichi sangoilumikiza ku fani.

“Swichi ndi kapitawo,” anatero. “Amangoloza, sanyamula. Mukamupatsa fosholo athyoka msana. Wa fosholo ndi rile.”

Ngakhale swichiyo inali yatsopano, sanaikhulupirire. Anaimangirira ku waya, naiviika m'poto wa madzi pachitofu, nailumikiza ku batire ndi kababu. Tinaima m'khitchini kudikira. Madzi atatsala pang'ono kuwira kababu kanayaka. Anachotsa poto, ndipo patapita kanthawi kanazima. Anabwereza katatu, ndipo katatu konse ndinalemba. Chitofu anazimitsa okha, nachiyang'ananso asanatuluke. Ndinaziona, ndipo iwo anaona kuti ndaziona.

Anadula payipi ya pamwamba ya rediyeta, nalowetsapo kachitsulo kokhala ndi bowo la mazinga, namangamo swichi. Polumikiza mawaya sanapotokole ndi zala. Anawotcherera paliponse ndi mtovu, nakulunga tepi, ndipo pamene waya anadutsa pa chitsulo anamuveka kamphira. Manja awo amanjenjemera akagwira kapu ya tiyi, koma akagwira chowotcherera amakhazikika. Sindidziwa chifukwa chake.

Cha m'ma leveni awazi kunabwera mkulu wa mpingo wathu, mnzawo wa bambo kuyambira kale, amene anali kalaliki wa njanji ndipo za galimoto sadziwa kanthu. Ndinamupatsa mpando pamthunzi wa mtengo wa mapeyala, nakhala n'kumaonerera.

Tsopano ndafika pa chimene chinachitika. Fani inamangidwa kuseri kwa rediyeta, pakati pa rediyeta ndi injini. Inali ndi mawaya awiri, wabuluu ndi wakuda. Fani yotere imazungulira mbali zonse: mukasinthanitsa mawaya, imabwerera. Bambo ankadziwa zimenezi bwino lomwe. Anang'amba kachidutswa ka nyuzipepala, nandiuza kuti ndiime kutsogolo kwa galimoto n'kukagwira pafupi ndi rediyeta. Anagunditsa mawaya ku batire, wabuluu ku moto, mbali imene magetsi amatulukira. Fani inalira, pepala linakokedwa n'kumamatira. Anasinthanitsa, wakuda ku moto. Pepala linauluka kubwera kwa ine.

“Ndi imeneyo,” anatero. “Kutentha kuyenera kutuluka. Pansi pa nthaka sitinkauzirira makina mpweya wotentha, tinkautaya kunja. Rediyeta ndi yotentha. Ndikakoka, ndiye kuti ndikuthira kutentha konse pa injini.”

Anatenga pepala lawo, najambula muvi woloza kutsogolo, nalemba pambali pake kuti, “Wakuda ku rile, wabuluu ku chitsulo cha galimoto. Mwadala.”

Ine ndinakumbukira chinthu. Zaka zonse zimene ndakhala ndi galimotoyo ndinkachotsa masamba ndi timapepala ta maswiti tomatirira kutsogolo kwa rediyeta, ngakhale galimoto itangolira pabwalo osayenda. Fani yakale inkakoka. Ndinadziwa zimenezi, ndipo mawu anafika pakamwa. Koma mkulu wa mpingo anali atakhala pomwepo, akugwedeza mutu n'kumati, “Eya, nzeru za kumgodi.” M'nyumba imene ndinakuliramo mwana satsutsa bambo ake pamaso pa mlendo, ngakhale mwanayo ali ndi imvi. Ndinadziuza kuti ndinena mlendo akapita. Kenako ndinadziuza kuti mwina mafani amagetsi amasiyana ndi a lamba, ndipo munthu amene wathera moyo wake pa mafani angaphunzitsidwe bwanji ndi wosunga mafayelo? Maganizo achiwiriwa anali ofewa, ndipo ndinagonapo.

Atatsiriza anatsegula kachitini, nandipatsa makiyi. Tinaliza injini boneti ili yotsegula. Singano inakwera kufika pakati, rile inati tha, fani inayamba, singano inatsika, fani inaleka. Zinatero kawiri. Mkulu wa mpingo anawomba m'manja. Ndinasayina pansi pa mawu akuti “Woyang'anira”, ndipo pepalalo ndinakaliika mu fayelo ya galimoto kunyumba kwanga.

Sabata yonse galimoto inayenda bwino, chifukwa ulendo wanga wa kuntchito ndi waufupi ndipo ndimanyamuka kusanatenthe. Loweruka lotsatira ndinatenga bambo kuti tikacheze kwa achimwene. Tinanyamuka mochedwa, dzuwa lili pamutu. Titatuluka mu Ndola pang'ono tinapeza kuti akukonza msewu, ndipo tinalowa mumzere wa mathiraki oyenda ngati akuperekeza maliro. Fani ndinkaimva ikulira osapuma, koma singano inapitirira pakati, n'kumakwerabe.

“Imani,” anatero bambo. “Patukani apa. Musazimitse kaye.”

Ndinapatuka. Anatsika, naima kutsogolo kwa galimoto, natambasula dzanja pafupi ndi rediyeta. Anaima motero nthawi yaitali, mphepo yotentha ikuwawomba pachikhatho. Kenako anandikodola kuti ndizimitse. Nthunzi inali itayamba kutuluka, koma injini sinawonongeke, popeza tinaima nthawi yabwino.

Ndinaimbira achimwene. Anabwera ndi makaniko wawo, amene anangosuzumira kamodzi.

“Aa, bwana, wamanga apa ndani? Wakuda ali ku moto. Fani ikuyenda chobwerera. Mphindi ziwiri, ndisinthe.”

“Musakhudze,” anatero bambo.

“Bambo, musiyeni akonze, tizipita,” anatero achimwene.

“Pamalo a ngozi sipakhudzidwa mpaka afufuze. Ikokeni, ibwerere ku Masala momwe ilili.”

Achimwene anandiyang'ana, ndipo ndinamva zimene maso awo ankanena. Galimoto inakokedwa ndi chingwe, ine ndili pa chiwongolero, bambo ali pambali panga. 

Lolemba achimwene anandiimbira ndili kuntchito.

“Achemwali, mwaona nokha. Munthu wa magetsi osadziwa waya wakuda? Ndiye n'kumakaniza makaniko pamsewu ngati tili pa shafuti ya mgodi. Lero ndi galimoto, mawa ndi nyumba, iwo ali mkati. Lamulungu tikhale pansi. Muyambe kuwalongedzera zovala.”

Ndikanatha kuwauza pomwepo. Ndinangoti, “Tikambirana Lamulungu.” Kunena kuti bambo anachita mwadala kunafuna kuti ndinenenso kuti ine ndinaona n'kusayina, ndipo ine ndine munthu amene kuntchito ndimabweza makalata a anthu chifukwa cha deti lolakwika. Zovala sindinalongedze, koma sabata imeneyo sindinapitenso ku Masala. Lachisanu bambo anandiimbira okha, nangoti ndidzabwere ndi pepala.

Tinakumana Lamulungu, fifitini awazi, ndiyo 3 koloko masana, titachoka ku tchalitchi. Tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, galimoto ili pambali pathu itafunditsidwa tenti. Achimwene anabwera ndi alamu anga. Mkulu wa mpingo anapemphedwa kutsogolera, ndipo bambo anaitananso mnansi wa minibasi. Achimwene sanakondwere.

“Ndi nkhani ya banja iyi, Bambo.”

“Ndi nkhani ya fani. Pano amene amadziwa galimoto ndi iyeyu.”

Mkulu wa mpingo anapemphera. Achimwene analankhula mwaulemu ndiponso motalika. Anatchula poto, anatchula msewu wa Kitwe, anatchula bedi limene likudikira. Anati sakufuna kudzaitanidwa ndi anansi kuti adzazindikire mtembo.

Bambo anadikira mpaka atatha.

“Wanena bwino, mwana wanga. Kumgodi ikachitika ngozi tinkafunsa mafunso atatu, ndipo asanayankhidwe palibe amene ankachotsedwa ntchito. Chinakonzedwa n'chiyani? Chinachitidwa n'chiyani? Anayang'ana ndani? Akalaliki, pepala.”

Ndinalipereka kwa achimwene. Bambo anavundukula tenti, natsegula boneti, nawauza kuti atsate waya aliyense ndi chala n'kumayerekeza ndi pepala. Achimwene anavula jekete la ku tchalitchi. Anatsata kuchoka ku batire kufika pa fyuzi, kuchoka pa fyuzi kufika ku rile. Atafika pa fani anaima, nawerenga mokweza: “Wakuda ku rile. Mwadala.”

“Zili monga zalembedwera?” anafunsa bambo.

“Zili choncho.”

“Ndiye sindinasokoneze. Ndinachita zimene ndinaganiza. Cholakwika ndi ganizolo.” Anatembenukira kwa tonse. “Mgodi suyenda. Mpweya umapita kumene iwe wautuma. Koma galimoto imayenda, ndipo ikamayenda mphepo imalowa yokha kutsogolo. Fani yanga inkakankha, mphepo ikukankhanso, ngati amuna awiri okumana pakhomo lopapatiza, wolowa palibe, wotuluka palibe. Ndiponso ndinayesa boneti ili yotsegula. Itatsekedwa, fani inkatunga mpweya wa pa injini, wotentha kale, n'kumaziziritsira rediyeta. Ndinazimva pachikhatho pamsewu paja. Ndinamanga fani ya mgodi m'galimoto.”

“Awe, Bashikulu,” anatero mnansi, “mukanandifunsa ine wa dayirekiti. Fani imakoka, ngakhale kondakitala wanga amadziwa.”

“Munali mutapita kukalimbirana makasitomala. Koma mukunena zoona, ndipo mudzandikumbutsa mpaka kumanda.”

“Tsiku lililonse, mukwai.”

Alamu anga anaseka, kenako anagwira pakamwa.

“Funso lachitatu,” anatero bambo. “Anayang'ana ndani? Wasayina ndi mwana wanga, koma iye za mafani sadziwa. Cholakwa n'changa posankha woyang'anira. Tipitirire.”

Anali atanditsegulira khomo lothawira, ndipo mkulu wa mpingo anali atayamba kale kuvomera. Ndinaimirira. Ndinati ndinadziwa. Ndinafotokoza za masamba amene ndinkachotsa, za pepala limene linauluka, ndi chifukwa chimene ndinakhalira chete. Ndinalankhula mwachidule, maso ali pa tayala.

Bambo anatembenukira kwa ine. Sanakweze mawu, ndipo sanandinene kuti Akalaliki.

“Iwe unaona?”

“Ndinaona, Bambo.”

“N'kusayina?”

“Panali alendo.”

“Alendo!” Analoza mkulu wa mpingo. “Uyu? Uyu tinkaba naye mango tili ana. Tamvera. Amene analemekeza kapitawo mwa kukhala chete, ndinawanyamulapo pa machira, iwo ndi kapitawo wawoyo. Ulemu umenewo unandisiya pamsewu ndili chitsiru pamaso pa makaniko wa m'bale wako.”

“Pepani, Bambo.”

“Koma mangowo ankaba ndi iwo, ine ndinkangolondera,” anatero mkulu wa mpingo motsitsa, koma palibe anaseka.

Achimwene anapukuta manja ndi mpango. “Chabwino. Ndiye mwalakwa awiri. Zikusintha chiyani? Galimoto inawira basi. Nanga poto uja, nayenso munamuwotcha mwadala?”

“Poto ndinaiwala,” anatero bambo. “Chimenecho sindikana, ndipo chinandiopsa kuposa iwe. Koma usazimange mtolo umodzi. Munthu amene nzeru zamuchoka sangakusonyeze pamene walakwira. Ine ndakusonyeza ndi chala. Tsopano ima apo, uone ngati ndingakonze.”

Anatenga makiyi, nawakhomera m'kachitini, nachotsa waya pa batire. Anasungunula malo awiri amene anawotcherera, nasinthanitsa mawaya, wabuluu ku rile, wakuda ku chitsulo, nawotchereranso. Sanafulumire ngakhale kuti anthu ankawayang'ana. Atatha anakonza pepala, nafufuta muvi wakale ndi mzere umodzi kuti uzionekabe, najambula watsopano. Anathira madzi mu rediyeta, nabwezera waya pa batire, natseka boneti, nandipatsa makiyi. Anang'amba nyuzipepala napatsa achimwene.

“Gwira iwe. Uyu ndamupumitsa kaye.”

Ndinaliza injini. Tinadikira, ndipo zinatenga nthawi, moti alamu anga anayamba kutola mapeyala akugwa. Kenako rile inati tha. Pepala linachoka m'zala za achimwene n'kukamamatira kutsogolo kwa galimoto, ndipo linakhala pomwepo mpaka fani inaleka, n'kugwera pansi.

Bambo anati kuyesa kwa pabwalo kunawanamiza kale. Mnansi anatenga chiwongolero, achimwene anakhala kutsogolo kuti aziyang'ana geji, bambo kumbuyo. Anapita kukalowa dala mumpanipani wa pa msika, kumene maminibasi amaima paliponse, nazungulira kangapo. Ife otsala tinakhala pansi pa mtengo. Alamu anga anandiuza motsitsa kuti iwonso akanakhala chete, ndipo sindinadziwe ngati akunditonthoza kapena akudandaula. Atabwerera, achimwene anatsika nanena okha, osafunsidwa, kuti singano sinapitirire pakati.

Mkulu wa mpingo anatikhazikanso pansi, nafunsa achimwene ngati mawu awo akadali omwe aja.

Achimwene ankapinda ndi kupindula kachidutswa ka nyuzipepala kaja. “Chipinda chilipo,” anatero. “Sindichigwetsa.”

“Usachigwetse,” anatero bambo. “Tsiku limene udzandifunse pamene ndalakwira ine n'kulephera kukusonyeza, udzabwere ndi galimoto. Sindidzakuvutitsa. Akulu a mpingo amva.”

“Ndamva,” anatero mkulu wa mpingo.

“Nanga chitofu?” anafunsa achimwene.

Pamenepo tinakambirana nthawi ndithu, ndipo bambo anagonja pa zambiri. Tinagwirizana kuti akhalabe ku Masala ndi zida zawo. Asiya kuphika zotenga nthawi ali okha, ndipo ine ndizidzera kumeneko pochoka kuntchito. Chinthu chilichonse chimene akonza, kaya ndi simbi ya munthu, sichituluka pachipata wina asanachiyang'ane, ndipo za galimoto aziyang'ana ndi mnansi. Mnansiyo anati malipiro ake ndi mapeyala. Za ine bambo anati ndidzabwerera pa uyang'aniro ndikadzawatsutsa kamodzi pamaso pa anthu. Achimwene sananene kuti akhutira. Anavala jekete lawo, nagwira bambo dzanja ndi manja awiri, nati adzabwera Loweruka kudzaona denga la kachipinda ka malata, limene likudontha. Anabweradi.

Bambo ali ku Masala kufikira lero. Zimene ndalembazi ndawawerengera, ndipo anandikonza pamalo awiri, pa za fyuzi ndi pa za payipi. Ine ndinawatsutsa pamalo amodzi, pamene ankafuna kuti ndichotse mawu amene anandidzudzula nawo, ndipo mawuwo atsala.

Amene analipo Lamulungu lija, ndipo angathe kufunsidwa, ndi awa:

Bambo, mwini nyumba, amene anamanga fani ndi kuikonza.

Achimwene a ku Kitwe, amene anatsata mawaya, kugwira pepala ndi kuyang'ana geji.

Alamu anga, akazi awo a achimwene.

Mkulu wa mpingo, amene anatsogolera, ndipo analiponso tsiku lomanga.

Mnansi woyendetsa minibasi, amene anayendetsa galimoto poyesa.

Ine, mwini galimoto, amene ndinasayina pepala.